Kiyi Wachitatu wa Nyumba ya Don Eleodoro

"Mwati ndinu ndani wake wa Delfina?"

Ximena Oyarzún anamuyang'ana wapolisiyo m'maso. Aka kanali kachitatu kufunsidwa funso lomweli, ndipo Inspekitala Riquelme sankalemba kanthu, ankangoseweretsa cholembera m'zala.

"Ndine mkazi wake. Takhala nyumba imodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi."

"Kalata ya ukwati?"

"Tilibe."

"Ndiye kuti ndinu mnzake." Apa m'pamene analemba. "Tamverani, mayi. Don Eleodoro Basualto, nkhalamba ya zaka 84, anapezeka dzulo masana pansi pa masitepe m'nyumba mwawo, khosi litathyoka. Pamkono pali mikwingwirima ya zala zinayi. Chitseko sichinathyoledwe. Makiyi a nyumbayo alipo awiri basi: wina anali m'khosi mwa malemuwo pachingwe, wina m'chikwama cha Delfina Quilodrán, amene amawasamalira. M'mawa mwake anthu anawamva akukangana. Inuyo mukanakhala ine, mukanagwira ndani?"

"Kuyambira 1 koloko mpaka 3 koloko anali ndi ine kushopu kwanga. Tinkadya."

"Anakuonani ndani?"

"Tinatseka chitseko."

"Zoti munatseka ndakhulupirira," anatero Riquelme, ndipo wapolisi wina kumbuyo kwake anaseka chamumtima. "Umboni wa munthu wofunda naye bulangeti limodzi, woweruza amaumva ngati mphepo. Lero 4 koloko akaonekera kukhothi, ndipo tikapempha kuti akadikirire mlandu wake kundende. Ndikupatsani mphindi zisanu."

Apolisi anamutulutsa Delfina m'chitolokosi tsitsi lili nyankhalala. Usiku umodzi wokha unamukalambitsa. Anagwira chitsulo cha pazenera ndi manja ake aja osupuka ndi sopo, ndipo Ximena anawaphimba ndi ake.

"Xime, sindinamwe mankhwala a kuthamanga magazi. Ali pamwamba pa fuliji."

"Ndawasiya kwa wapolisi wa pakhomo. Tandiuza msanga, munakangana chiyani?"

"Anandikhuthulira msuzi pamalaya. Akuti wazizira. Kenako n'kumanditchula dzina lija amatitchula." Delfina anazyolika. "Ine ndinati, 'Tsiku lina mudzafa nokhanokha m'nyumba muno, wokutsekani maso osamuona.' Ndinanenadi, Xime. Msewu wonse unamva."

"Sakanagwa okha?"

"Ankayenda ndi ndodo n'kukaima pamwamba pa masitepe, koma kutsika ayi. Zaka zisanu ndi chimodzi sanapondepo pansi. Ndinawasiya ali pampando, ndinakhoma chitseko, ndinabwera kwa iwe. Pobwerera ndinapeza chili chokhomabe."

"Kiyi wako unabwerekapo munthu?"

"Ndani? Alibe m'bale, alibe mnzawo."

Wapolisi anagogoda tebulo. Delfina anafinya zala za Ximena mpaka kuwawa.

"Usandisiye kuno. Akanditumiza kundende sindikatulukako wamoyo, ndikudzimva m'thupimu."

Ximena anatuluka panja, n'kuyang'ana wotchi. Inali itangokwana 9 koloko.

Ximena sanali wapolisi kapena loya. Anali wokonza maloko ndi kudula makiyi, kashopu kake kali kuseri kwa msika wa kudoko la Valparaíso. Loya wa boma anali atamuuza palamya kuti akumana kukhothi mphindi khumi nthawi isanakwane, ndipo mawu ake ankamveka kuti akutafuna. Choncho Ximena anakwera yekha phiri la Cordillera, masitepe zana ndi makumi asanu ndi limodzi, osapuma.

Moyang'anizana ndi nyumba ya malemuyo panali golosale ya Don Nibaldo, bambo wamimba amene pakamwa pake sipankatera ntchentche.

"Amisiri anga! Lowani, lowani. Ayi, zachitikazi n'zamanyazi. Delfinita? Munthu woti akaona mphemvu amaipepesa asanaiponde? Ine ndinawauza apolisiwo, koma iwo amangofuna zija za mkangano. Ndiye ndikananama? Ndinamva, inde. Ngakhale agalu anamva."

"Don Nibaldo, pakati pa 1 koloko ndi 3 koloko munali pati?"

"Pompano! Chabwino, ndinalowa pang'ono kukadya, ndipo munthu ukadya nyemba za mkazi wanga maso amalemera. Koma khutu linali kunja."

"Anadutsa ndani?"

"Anthu a masiku onse. Wogulitsa gasi uja ndi phokoso lake. Masisitere awiri. Doña Herminia akukwera kwawo ndi kachikwama kawo, ndinawapatsa moni koma sanandimve, makutu ayamba kutha. Wachilendo ayi. Ndipo wachilendo akanalowa bwanji? Chitseko chimene chija n'cha kale, ngakhale ng'ombe singachigwetse. Popanda kiyi sulowa. Si paja Delfinita yemweyo anakhala panja theka la ola Lolemba lija?"

Ximena anatukula mutu. "Lolemba liti?"

"La sabata yatha. Sanakuuzeni? Ha! Anafika wopanda kiyi. Ndiye mdala uja anavula wake wa m'khosi, n'kumuika musokosi, n'kuponya pazenera uku akutukwana. Sokosiyo inagwera m'dengu langa la buledi. Amisiri, fungo lake! Buledi sikisi ndinapatsa agalu."

Don Nibaldo anaseka mpaka kutsokomola, koma Ximena sanaseke nawo. Tsopano anakumbukira. Madzulo a Lolemba limenelo Delfina anatchulako akusenda mbatata, ngati nkhani yopanda pake: kiyi anagwera pansi pa mpando kwa Mama Herminia Lamulungu, ndipo iwo anamubweretsera masana. Lamulungu lililonse awiriwa ankakadya kumeneko. Kalekale, pamene abale a Delfina anamutayira katundu pamsewu ndipo eni nyumba onse ankati malo adzaza akangoona akazi awiri akufuna bedi limodzi, Doña Herminia Cataldo ndi amene anawatsekulira chipinda. Anakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri. Delfina atadwala chibayo, ndi iwo amene ankamusambitsa.

Ximena anawoloka msewu.

Pachitseko apolisi anamatapo lamba wachikasu, koma loko anali poyera. Anagwada, n'kutulutsa katochi ndi kawaya m'thumba la ovololo, n'kuyala kapepala koyera pansi pa bowo. Anakanda pang'onopang'ono m'katimo. Poyamba munatuluka fumbi lakuda, la zaka ndi zaka. Kenako papepalapo panagwa tinthu tonyezimira ngati mchenga wa golide.

Kiyi wakale satulutsa zimenezo. Wa Delfina ndi wa malemuyo anali operepeseka ngati ndalama zachitsulo zakale. Tizidutswa ta mkuwa totere timasiyidwa ndi kiyi watsopano, wongodulidwa kumene, amene mmisiri wake sanamupale bwino m'mano.

Ndipo Ximena ankamudziwa mmisiri ameneyo.

Anatsika phirilo liwiro la mtondo wadooka, akuwombana ndi anthu. Kushopu anakhuthulira pansi chitini chimene ankaponyamo makiyi olakwika. Lolemba lija, 9 koloko isanakwane, Mama Herminia anabwera ndi kiyi wopanda chingwe, wopanda chizindikiro. Anati ndi wa kanyumba kosungiramo gasi. Anati afulumire, akuchedwa kusikelo ya okalamba. Chifukwa cha changucho woyamba anadyeka mano, Ximena anamuponya m'chitini n'kudula wina, ndipo gogoyo anamutsomphola m'manja asanamupale. Patsiku Ximena ankadula makiyi makumi anayi. Sankawayang'ana nkhope.

Kiyi wolakwikayo anamupeza pakati pa mulu, wamutu wozungulira, wamtundu wakale. Anakweranso masitepe onse aja, thukuta lili kamukamu, chifuwa chikuotcha. Don Nibaldo anamukuwira zinazake koma sanatembenuke. Analowetsa kiyi wolakwikayo m'bowo.

Analowa yense bwinobwino. Anazungulira theka, n'kukakamira pa dzino lodyeka lija.

Ximena anakhala pansi pakhomopo. Chisangalalo chinabwera n'kuchoka nthawi yomweyo. Kiyi wachitatu analipo, inde. Koma anadulidwa pa makina ake, ndi manja ake. Akapita naye kwa Riquelme, iye adzangomwetulira: wina anakankha, wina anadula kiyi woti anamizire mlendo, akazi awiri aja agwirizana. Madzulo ano m'galimoto ya kundende mukhala anthu awiri.

Belu la tchalitchi linalira kamodzi. Panatsala maola atatu.

Nyumba ya Doña Herminia inali pamwamba penipeni, yamalata obiriwira. Chitseko chinali chosakhoma. Ximena anawapeza atakhala patebulo lodyera, atavala chijasi chawo chakuda cha kumaliro, chikwama chili pamiyendo, tsitsi atapesa bwino. Kumapazi kokha kunali masilipasi. Nsapato zinali pambali pa mpando, moyandikana.

"Ndimadziwa kuti ubwera ndiwe, mwana wanga," anatero. "Apolisi alibe maso ngati ako."

Ximena anaika kiyi uja patebulo.

"Kanyumba kanu ka gasi kalibe loko, Mama Herminia. Mumangomanga ndi waya. Ndakuona polowa."

"Khala pansi."

"Sindikhala! Delfina wagona pasimenti. Mukudziwa?"

"Ndikudziwa. Mkazi wa Nibaldo anandiuza dzulo madzulo."

"Dzulo? Ndiye mwangokhala? Munamudyetsa ndi supuni munthu ameneyu. Mumamutcha mwana wanu. Munamubera kiyi patebulo pompano, n'kubwera naye kwa ine, kwa ine! Tinakulakwirani chiyani?"

Gogoyo sanaphethire. Anatsekula chikwama n'kutulutsa kiyi wonyezimira, n'kumuika pafupi ndi mnzake.

"Ukukumbukira Lamulungu la mwezi watha, Delfina akutisimbira za abwana ake? Anati mdalayo alibe chala cha mkombaphala kudzanja lamanja, ndiye akafuna kapu amaloza ndi chala chapakati, ngati akutukwana kapuyo. Munaseka nonse. Iwe mpaka unatsamwa."

"Ndiye?"

"Ine ndinaika supuni pansi. Palibe anaona." Anapuma. "Chaka chimene asilikali analanda boma, ndinali ndi zaka 26. Mwamuna wanga Rubén ankanyamula katundu kudoko. M'mawa wina anawafoletsa onse pabwalo, manja kumutu. Ife akazi tinali kumpanda, tikusuzumira pawaya. Anabwera ndi munthu atamuveka thumba la ufa kumutu, loboola pamaso. Ankayenda pamzere n'kumaloza. Uyu. Uyu. Ameneyo amukweza mulole. Nkhope sindinaione, koma dzanja ndinaliona, Ximena. Linalibe chala ichi. Rubén anamuloza ndi chapakati."

Gogoyo anapitiriza.

"Zaka makumi asanu ndakhala ndikuyang'ana manja a amuna. M'basi, kumsika, kutchalitchi polandira mgonero. Osadziwa kuti dzanjalo lili pansipa, masitepe makumi anayi kuchokera pakhomo panga, ndipo mwana wanga akulisambitsa ndi madzi ofunda."

"Mukanatiuza."

"Kuti mutani? Delfina akanasiya ntchito, chitseko chikanatsekeka. Ine sindinkafuna kupha munthu. Ndinkafuna andiuze kumene anamuika. Ndilibe manda okaikapo maluwa. Sabata yonse kiyi ali m'chikwama, ndikudutsa pakhomopo n'kubwerera. Dzulo ndinaona Delfina akutsika, ndinalowa. Ndinamupeza ataima pamwamba pa masitepe ndi ndodo yake, anamva chitseko. Ndinakwera mpaka ndinayang'anizana naye. Ndinati, 'Ndine mkazi wa Rubén Cataldo, wa kudoko.' Sanakane, ukudziwa? Sanayesere n'komwe. Anati, 'Anali ambiri, mayi, ndikumbukira bwanji?' Ndinamugwira mkono, ndinamupempha, ine Herminia, kumupempha ameneyo. Ndiye anaseka. Anati, 'Ngati anali wa kudoko, kafunseni nsomba.'"

Gogoyo anayang'ana zikhatho zawo.

"Ndikanatha kunena kuti anaterereka. Sanaterereke. Ndinakankha. Potuluka ndinakhoma chitseko kuti anthu aziti nkhalamba yagwa yokha. Za Delfina sindinaganize. Mulungu andilange, sindinaganize."

Ximena anapezeka atakhala pansi osadziwa. Ukali umene anakwera nawo phiri unasowa pogwira. Koma wotchi ya pakhoma inali ikuyenda.

"Mama Herminia, 4 koloko amutengera kwa woweruza."

"Ndavala kuyambira mbandakucha. Ukuona. Chijasi ndavala, chitupa changa chili m'chikwama. Koma ndikati ndivale nsapato, manja akukana." Kwa nthawi yoyamba mawu awo ananjenjemera. "Kupolisi ndinalowako kamodzi kokha, chaka chomwe chija, kukafunsa za Rubén. Anandisunga masiku khumi ndi limodzi. Ndinalowa ndili ndi pakati pa miyezi inayi. Ndinatuluka ndilibe. Sindinauzepo munthu. Fungo la m'makonde awo ndimalimva mpaka lero. Sindingathe, mwana wanga. Tenga makiyiwa, kawauze ndiwe. Abwere adzanditenge."

"Sandikhulupirira! Adzati ndadula ndekha kuti ndipulumutse mkazi wanga. Adzati ndikunamizira gogo. Akadzafika kuno, mwina mawa, mwina sabata yamawa, Delfina ali kale m'kati. Magazi ake mukuwadziwa." Ximena anatsika pampando n'kugwada pamatabwa, misozi ili mbwembwembwe. "Sindinganene kuti munalakwa. Sindikudziwa. Ndikanakhala ine mwina ndikanakankha kawiri. Koma inu mukudziwa mmene zimakhalira kuima kunja kwa waya, munthu wako akumukweza m'galimoto. Musandiimike pamenepo. Ndapota nanu, amayi. Ndilibe wina."

Doña Herminia anatseka maso. Kenako anatulutsa phazi limodzi musilipasi n'kulitambasula.

"Ndiveke ndiwe. Ndipo usandisiye dzanja mpaka tikafike."

Kutsika kunawatengera mphindi makumi anayi. Gogoyo ankaima pa masitepe khumi aliwonse. Podutsa pa golosale, Don Nibaldo anatsekula pakamwa kuti anene nthabwala, koma ataona nkhope zawo anangovula chipewa. Kumunsi Ximena anaima pakati pa msewu, manja m'mwamba, mpaka takisi inachita kulira mabuleki.

Anafika kupolisi nthawi itadutsa 3 koloko ndi theka. Galimoto ya akaidi inali italiza kale injini pabwalo. Pakhomo Doña Herminia anaima nji, zikhadabo zawo zinalowa m'dzanja la Ximena. Anapuma katatu, n'kuponda m'kati.

Riquelme anali akuvala jekete.

"Mayi Oyarzún, ndakuuzani kale kuti..."

"Khalani pansi, mnyamata," anatero Doña Herminia.

Mwina chinali chijasi chakudacho, mwina imvi. Riquelme anakhala. Gogoyo anaika kiyi wonyezimira patebulo, Ximena anaikapo wolakwika uja ndi kapepala kokulunga tizidutswa ta mkuwa.

"Uyu ndi kiyi wachitatu wa nyumba ya Eleodoro Basualto. Ndinadulitsa mwachinyengo, ana awa sankadziwa. Ndinamukankha ndine. Yezani zala zanga pamkono pake."

Riquelme anayang'ana makiyiwo, anayang'ana Ximena, ndipo kumwetulira kuja kunalibe. Anakuwira wapolisi wa pakhomo kuti galimoto idikire. Anakoka pepala latsopano.

"Dzina lanu, amayi?"

"Langa lidikire. Yambani ndi ili: Rubén Cataldo Mardones, wonyamula katundu kudoko, zaka 29. Ndinabwera nalo kwa anzanu kalekale, palibe amene analilemba. Lembani ndione."

Riquelme anazengereza pang'ono, kenako analemba. Gogoyo anawerama kuti aone, n'kumukonza chilembo chimodzi.

Apolisi anamumasula Delfina dzuwa litapendeka, atayenda uku ndi uku ndi mapepala. Anatulukira pakhonde akudzandira, ndipo Ximena anamuwakha. Anakumbatirana pamaso pa apolisi onse, osalabadira.

"Akuti wapalamula wapezeka," anatero Delfina, nkhope ili pakhosi pa mnzakeyo. "Ndani, Xime?"

Ximena anamukhazika pabenchi n'kumuuza zonse, kuyambira pa sokosi mpaka pa nsomba. Delfina sanalire. Ankangoyang'ana manja ake, akuwatembenuza uku ndi uku, manja amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankawenga zikhadabo za dzanja lija.

"Tiye kunyumba," anatero Ximena. "Ukamwe tiyi, ukagone."

"Ali kuti?"

"M'kati. Momwe unali iwe."

Delfina anaimirira. Anamasula mabatani a juzi yake imodzi ndi imodzi, anaivula, n'kuipinda bwinobwino monga amapindira zovala za odwala. Anapita nayo kwa wapolisi wa pakhomo.

"Mukawapatse amayi anga," anatero. "Adzikundike ndi kumapazi komwe. M'menemo mumazizira kuyambira pansi."